Chete, Kapitawo wa Lole Yaikulu

Kwawo ankamutchula kuti Chete. Dzinali anamupatsa ndi mchimwene wake akadali kamwana, chifukwa m'nyumba mwawo aliyense ankalankhula ngati akuitana munthu wa tsidya lina la msewu, kupatula iyeyo. Bambo ake anali ometa tsitsi. Kachipinda kawo kometera kanali kutsogolo kwa nyumba, kokhala ndi mpando wozungulira, galasi long'aluka pakona ndi benchi ya odikira. Akaweruka kusukulu, Chete ankasesa tsitsi pansi pa mpandowo akumvetsera azibambo akukangana za mpira, iye osaponyapo liwu. Mayi ake ankada nkhawa kuti mtsikana wofatsa chonchi anthu adzamudyera masuku pamutu. Bambo ake ankangoti, "Musiyeni. Pakamwa n'potseka koma makutu ali pantchito."

Atamaliza sukulu anakhala pakhomo kwa nthawi ndithu, kenako anapeza ntchito pa kampani ina yaing'ono yonyamula katundu wa anthu osamuka. Kampaniyo inali ndi malole awiri, bwalo lafumbi kuseri kwa sitolo ya matayala, ndi kaofesi ka chipinda chimodzi kokhala ndi zenera loyang'ana kubwaloko. Ntchito ya Chete inali kuyankha foni. Ankafunsa kumene munthu akuchoka, kumene akupita ndi kuchuluka kwa katundu, ndipo m'mawa ankasuzumira pazenera n'kuuza anyamata a lole.

Vuto linali lakuti palibe munthu wosamuka amene amavomera kuti ali ndi katundu wambiri. Aliyense pafoni ankati, "Ndi tinthu tochepa chabe, bedi ndi timipando." Chete ankapereka uthengawo momwe waulandirira. Madzulo anyamata ankabwerako malaya atanyowa ndi thukuta, atatsitsa makabati olemera kuchokera pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Nkhaniyi inafika posanduka nthabwala pabwalopo: "Chete akati katundu ndi wochepa, tsanzikanani ndi akazi anu."

Gulu la lole yaikulu linali ndi anthu ake odziwika. Panali Chimphona, mnyamata wa mapewa ngati chitseko, amene ankanyamula chitofu yekha koma ankaopa agalu. Panali Wailesi, wowonda, wosatseka pakamwa kuyambira pochoka mpaka pobwera, katswiri potsanzira mawu a munthu aliyense. Panali a Dalaivala, bambo a imvi amene anayamba kuyendetsa malole Chete asanabadwe, ndipo ankamanga okha chingwe chomaliza chifukwa sankakhulupirira mfundo ya munthu wina. Wotsogolera onsewa anali kapitawo wawo, a Chiphaliwali. Dzinalo anawapatsa chifukwa cha mawu awo: akakuwa ali pamwamba pa masitepe, ngakhale a nyumba yoyandikana ankayamba kumanga katundu.

Tsiku lina a Chiphaliwali anaterereka akutsitsa kabati, msana n'kupweteka. Anachira ndithu, koma adokotala anawaletsa ntchito ya pamasitepe. Abwana, mwini kampaniyo, anagwira njakata. Akanasankha Chimphona, Wailesi akananyanyala. Akanasankha Wailesi, Chimphona sakanamumvera. A Dalaivala anakaniratu, amvekere iwo chiwongolero chikuwakwanira. Ndiye m'mawa wina abwana analowa muofesi, anamuyang'ana Chete kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Iwe umatha kulankhula ndi makasitomala. Kuyambira mawa uzipita ndi lole. Ndiwe kapitawo."

"Ine, bwana?"

"Pali wina muno?"

Apa n'kuti Chete atangopitirira pang'ono zaka makumi awiri. Ena mwa anthu amene ankayenera kuwalamula anali ndi ana akuluakulu kale.

Chete anaganiza kuti ukapitawo ndi mawu, chifukwa kapitawo yekhayo amene anamuonapo anali a Chiphaliwali. Anagula jombo, anabwereka jekete lalikulu la mchimwene wake, ndipo pa nyumba yoyamba anaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno, n'kukuwa monga ankachitira iwo: "Tiyeni, tiyeni, kodi mwabwera kudzaothera dzuwa?" Mawu anamuthawa pakati, n'kutuluka kaliwu kopyapyala ngati ka mwanapiye. Kenako Wailesi anaika manja m'chiuno, anabwereza mawu omwewo ndi kaliwu komweko, ndipo anthu anagwa nacho chiseko, ngakhale mwini nyumba yemwe.

Masiku otsatira sanali abwino. Akanena kanthu, anyamata ankayamba ayang'ana kwa a Dalaivala asanasunthe. Makasitomala ankamudutsa ngati mtengo n'kukafotokozera Chimphona zoyenera kuchita. Kumbali ankamutchula kuti kapitawo wa pafoni. Poona kuti mawu akanika, Chete anati mwina aonetse mphamvu. Anagwira mbali imodzi ya sofa, Chimphona mbali inayo, koma asanafike pachitseko manja ake anatha, sofa n'kukwecha khoma, penti n'kukalika. Chimphona sanakwiye. Anangoti motsitsa, "Achemwali, mutipweteketsa. Tasiyani."

Pobwerera tsiku limenelo Chete anakhala kutsogolo ndi a Dalaivala, anyamata ali kumbuyo pamwamba pa mabulangete okutira katundu. Ataima pamaloboti, a Dalaivala anati, "Mwanawe, ndikufunse. Mawu umakuwa nawo aja unabwereka kwa ndani?"

Chete anayang'ana pansi. "Ndi a Chiphaliwali."

"Kabweze. Sakukukwana, chimodzimodzi jeketelo."

"Ndiye nditani, bambo? Mawu ndilibe, mphamvu ndilibe. Abwana anangondiponyera pamoto."

A Dalaivala analowetsa giya, lole n'kuyamba kukwawa. "Onyamula tili nawo. Wolongolola tili naye, watikwana kale. Chimene anyamatawa sanakhalepo nacho ndi munthu woti akanena kanthu m'mawa, masana chipezeke chili chomwecho. Iwe pazenera paja unatinamiza kangati?"

"Sindinkanama, bambo. Ndinkangonena zimene andiuza pafoni."

"Ndikudziwa. Koma msana sudziwa zimenezo."

Mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa. Atafika kunyumba anapeza bambo ake akumeta kasitomala womaliza, chimunthu chachikulu cha ndevu. Anaima pakhomo n'kumaonerera. Bambo ake ankati, "Tsopano ndipita kukhosi, musagwedezeke," n'kupendeketsa mutu wa munthuyo ndi zala ziwiri zokha, iye n'kumvera ngati mwana. Munthuyo atapita, Chete anawafotokozera zonse, misozi ili lengelenge. Bambo ake anamvetsera akutsuka lezala, kenako anati, "Waona munthu uja? Wandipatsa khosi lake ine ndili ndi lezala m'manja. Ukuganiza kuti ndinamukalipira kuti achite zimenezo? Amabwera kuno chifukwa ndikati sindikucheka, sindimucheka."

M'mawa mwake Chete anabweza jekete kwa mwini wake. Madzulo, ataweruka, anakwera basi kupita ku nyumba imene ankayenera kusamutsa tsiku lotsatira. Mayi wa panyumbapo anadabwa, chifukwa kampaniyo inali isanatumizepo munthu kudzaona. Chete analowa chipinda chilichonse. Anatsegula chitseko cha kachipinda kosungira zinthu, kamene anthu amaiwala kutchula pafoni. Anayeza makomo ndi tepi, anakwera masitepe kuti aone pamene akukhota, anayang'ana poti lole idzaime, anafunsanso ngati pakhomopo pali galu.

Kutacha anaitana anyamata pafupi ndi lole. Sanakuwe. Analankhula ndi mawu ake enieni, apansipansi aja, moti amene ankafuna kumva anachita kusendera, ndipo Wailesi anakakamizika kutseka pakamwa.

"Achimwene, lero ndi tsiku loipa, ndinene mosabisa. Nyumba ili pamwamba, masitepe ndi opapatiza ndipo akhota kawiri. Kuli bedi lachitsulo losamasuka ndi makatoni a mabuku odzaza chipinda. Lole iima patali chifukwa pakhomo akukumba ngalande. Tiyamba ndi zolemera dzuwa lisanakwere. Galu aliko, koma mayi alonjeza kuti amumanga."

"Galuyo ndi wamkulu bwanji?" anafunsa Chimphona.

"Wamkulu kuposa Wailesi."

Anaseka, koma ulendo uno sankaseka iye. Atafika anapeza zonse zili momwe ananenera: ngalande, masitepe, mabuku, ndi galu ali pachingwe kuseri. Palibe amene anamuyamikira. Ntchito inali yowawa monga mwa masiku onse. Koma potsitsa bedi lija Chimphona anafunsa, osayang'ana kwa a Dalaivala, "Achemwali, tikhote nalo chakuti?"

Chete anapitiriza choncho tsiku ndi tsiku, kutuluka m'mawa n'kufika kwawo kutada, miyendo ili thapsa. Analimbanso mtima n'kukaona a Chiphaliwali kunyumba kwawo. Ankaopa kuti amulandira ndi nkhope yakuda monga munthu wowalanda malo, koma anawapeza pakhonde atasowa wolankhula naye. Atamva chimene wabwerera, a Chiphaliwali anakoka tebulo, anatenga bokosi la nsapato kukhala lole, mabokosi a machesi kukhala makabati, n'kumuonetsa kapakiridwe: zolemera kutsogolo pafupi ndi dalaivala, matiresi choimirira m'mbali kuti atchinjirize magalasi, ndipo zimene banja lidzazifune poyamba likafika, monga mapoto ndi zofunda, zilowe pomaliza. Ankafotokoza mokuwa moti akazi awo anatuluka kudzaona ngati kwabuka ndewu. Chete anabwererako kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankachokako makutu akulira koma mutu utadzaza.

Sikuti zonse zinkayenda. Tsiku lina anauza anyamata kuti kabati ya zovala idutsa pakhomo la kuchipinda, koma itafika pamenepo inakana. Anayesa chopendeketsa, anayesa chogoneka, osatheka. Wailesi anayamba kale kunena kuti mmisiri amene anamanga nyumbayo anali ataledzera. Chete akanatha kungokhala chete, mlandu n'kugwera mmisiriyo. M'malo mwake anati, "Ayi, mmisiri alibe mlandu. Ndinayeza khomo osawerengera chitseko. Ndalakwitsa ndine, pepani. Timasule chitsekochi." Wailesi anamuseka nazo sabata yonse, kumufunsa ngati tepi yake ndi ya lasitiki. Koma anali Wailesi yemweyo amene, kasitomala wina atamufunsa kanthu, anayankha kuti, "Funsani achemwaliwo. Akanena iwo ndiye kuti n'zomwezo."

Chete ankawapempheranso anyamatawo zinthu kwa abwana. Malamba onyamulira katundu anawapeza atakakamira kwa nthawi yaitali. Munthu wowonjezera pa ntchito zikuluzikulu anamukaniza. Zikakanika sankabisa kapena kulonjeza za mawa. Ankangobwera n'kunena kuti, "Ndapempha, andikaniza. Tigwira tokha."

Tsiku limene anthu a pakampanipo amalikumbukirabe linafika chaka chake choyamba chisanathe. Bambo wina anaimba foni kuti akusamuka m'nyumba yosanja. Chete atapita kukaona anamupeza yekha, munthu wooneka waulemu, wovala taye. Anamuonetsa zipinda zonse n'kunena kuti chilichonse chipite. Chete anaona nsapato zachizimayi kuseri kwa chitseko ndi makina osokera pakona, koma sanafunse. Anangoganiza kuti mayi a m'nyumbamo ali kuntchito.

Tsiku losamuka ntchito inayamba bwino. Mipando ndi makatoni zinali zitakwera kale. Chimphona ndi Wailesi anali pakati pa masitepe ndi firiji yaikulu, Chimphona kumunsi atasenza kulemera konse, Wailesi kumtunda atagwira lamba. Nthawi yomweyo mayi wina anakwera masitepewo akuthamanga, mkulu wake ali pambuyo. Anali mkazi wa bambo uja. Banja lawo linali likutha, ndipo mayiyo anamva kwa oyandikana nawo kuti pakhomo paima lole.

"Firijiyo ndi yanga! Tsitsani! Mukupita nayo kuti?" Anadzipanikiza pakati pa khoma ndi firiji n'kugwira chitseko chake ndi manja awiri.

Mwamuna wake anatulukira pamwamba. "Musamumvere ameneyo! Ndakuitanani ndine! Pitirizani!"

Wina akukoka, wina akukuwa, firiji inayamba kupendama. Anthu a m'nyumba zina anatsegula zitseko, ena atatulutsa kale mafoni kuti ajambule. Chete anali pansi pa masitepe. Anaona miyendo ya Chimphona ikunjenjemera, mitsempha ya m'khosi itatupa, phazi limodzi lili m'mphepete mwenimweni mwa sitepe. Chete anakwera, anaima pambali pa Chimphona, n'kulankhula monga ankalankhulira m'mawa uliwonse pafupi ndi lole.

"Chimphona, limbani pomwepo. Wailesi, kokani. Tibwerera nayo m'mwamba, pang'onopang'ono. Mayi, chotsani manja, muphetsa munthu. Firijiyi sikupita kulikonse."

M'phokoso lonselo anyamatawo anamumva, chifukwa makutu awo anali atazolowera kufunafuna kaliwu kameneko. Mayi uja, atamva kuti firiji ikubwerera, anasiya chitseko. Inakwera sitepe imodzi imodzi mpaka inakhala pansi pabwino. Chimphona anakhala pamwamba pa masitepe akupumira m'mwamba.

Chete anatembenukira kwa eni nyumba. "Bambo, mayi, za banja lanu ine sizikundikhudza ndipo sindilowererapo. Koma anthu angawa sanyamulanso kanthu kamene mukulimbirana. Chimene nonse awiri mwavomera, tikweza. Chimene simukugwirizana chikhala m'chipinda ichi mpaka mudzamvane nokha."

Bambo uja anamuyang'ana kuyambira kujombo mpaka kumutu. "Kamtsikana iwe, ukulankhula ndi ndani? Ndiitanire kapitawo wako."

"Kapitawo ndine, bambo."

Bambo uja anatembenukira kwa Chimphona ngati wofuna kumva kuti ndi nthabwala. Chimphona anapukuta thukuta ndi malaya n'kunena kuti, "Ndi omwewo, bwana."

Bamboyo anaimbira abwana, ndipo posakhalitsa foni ya Chete inalira. Anatuluka nayo pakhonde kuti asakangane ndi bwana wake pamaso pa anthu.

"Iwe, ukundithamangitsira makasitomala? Chita zimene waitana lole akufuna!"

"Bwana, firiji inatsala pang'ono kumugwera Chimphona. Komanso mayiwa akuti zinthu zina ndi zawo. Tikazitenga iwo akukana, mawa apolisi adzafunsa lole yathu, osati taye ya bambowa."

"Ndati nyamulani!"

Chete ankadziwa kuti mawu otsatirawo akhoza kumuchotsetsa ntchito, ndipo anaganiza za mayi ake amene anali atayamba kunyadira kwa anzawo kuti mwana wawo ndi kapitawo. "Pepani bwana, zimenezo sindingawauze anyamatawa. Ngati mukufuna, bwerani mudzawauze nokha."

Foni inadulidwa. Pansi pamsewu inalira ya a Dalaivala. Chete ali pakhonde anawamva akuyankha mosapupuluma, chigongono chili pazenera la lole: "Ine ndimangoyendetsa, bwana. Lole imanyamuka kapitawo akati tiyeni."

Zotsalazo zinali ntchito yotopetsa kuposa kunyamula. Chete anayenda ndi anthu awiriwo chipinda ndi chipinda, akuloza chinthu chimodzi chimodzi n'kufunsa aliyense. Poyamba ankakanganirana ngakhale masipuni. Mkulu wake wa mayi uja, munthu wodekha, anathandiza kwambiri, ankagwira mng'ono wake paphewa mawu akayamba kukwera. Zina zimene zinali kale m'lole anazitsitsanso, anyamata osang'ung'udza. Pang'ono ndi pang'ono mkwiyo unayamba kuphwa, n'kutsala kutopa ndi chisoni. Atafika pa makina osokera, mayiyo anangoika dzanja pamwamba pake. Mwamuna wake anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Awo anali a malemu mayi ake. Asiyeni." Firiji ndi bedi zinatsala m'chipinda chija. Lole inanyamuka dzuwa litapendeka, itadzaza theka lokha.

Abwana sanachedwe. M'mawa mwake anamubwezera Chete kufoni, amvekere akaphunzire kaye ulemu, ndipo ukapitawo anaupereka kwa Wailesi. Chete sanatsutse. Anakhala pampando wake wakale, mtima ukumuwawa akamaona lole ikutuluka pageti popanda iye. Chimodzi chokha anasintha: munthu akati katundu ndi wochepa, ankamufunsa mafunso mpaka kabati yobisika ija itatuluka.

Wailesi anayamba ukapitawo ndi chimwemwe, atavala magalasi akuda. Tsiku lachiwiri anabwera pazenera. "Achemwali, nyumba ya lero munaionako?" Chete anamuuza zimene ankadziwa. Tsiku lina anabweranso, magalasi atavula, akudandaula kuti makasitomala samumvera ndipo Chimphona akumuyankha mwano. Sabata isanathe anakagogoda yekha kwa abwana, chitseko chili chotsegula moti aliyense anamva.

"Bwana, ukapitawo wanuwu undidwalitsa. Ine ndimatha kuseketsa anthu, osati kuwauza zochita. Bwezerani mwini wake, ife tizinyamula mwamtendere."

Abwana sanapepese, chifukwa sanali munthu wopepesa. Patapita masiku angapo analowa muofesi m'mawa, anamupeza Chete akupukuta tebulo, n'kunena mokalipa, "Ukudikira chiyani? Sukumva lole ikulira?" Chete anavala jombo zake zimene zinali pansi pa tebulo, n'kutuluka. Atakwera kutsogolo, a Dalaivala sanamuyang'ane n'komwe. Anangofunsa kuti, "Tikulowera kuti, a Kapitawo?" Aka kanali koyamba kumutchula choncho.

Papita zaka tsopano. Kampani ija inakula, inachoka kuseri kwa sitolo ya matayala, ndipo Chete ndi amene amayang'anira makapitawo onse. Anakwatiwa ndi mphunzitsi wolankhula kwambiri, ali ndi mwana wamkazi amene anatengera bambo ake, moti kunyumba kwake iye akadali womvetsera. Chimphona ali ndi gulu lakelake. Wailesi akunyamulabe ndipo sakufuna kumva za udindo. Achinyamata amene amalembedwa kumene ntchito amadabwa kuona azibambo akuluakulu akusendera pafupi n'kukhala duu mayi wamfupi akayamba kulankhula. Ena amamufunsa chinsinsi chake. Iye amachita manyazi ndi funsolo, n'kuyamba kutchula anthu: bambo ake, a Chiphaliwali ndi mabokosi awo a machesi, Chimphona amene anamuvomera pamaso pa mlendo, Wailesi amene anabweza mpando woti akanatha kuukakamira. Amatchulanso abwana, ngakhale amakanganabe mpaka lero, chifukwa ndi iwo anamuona pamene iye mwini ankadziona ngati wongoyankha foni.

Chaka chatha maso a a Dalaivala anayamba kuchita chifunga, ndipo anavomera okha kuti nthawi yosiya chiwongolero yakwana. Anaganiza zokakhala ndi mwana wawo wamkazi kunja kwa tauni. Ankafuna kubwereka kagalimoto kakang'ono mwakachetechete, koma Chete atamva anapempha lole kwa abwana, ndipo pa tsiku lopuma gulu lonse lakale linafika pakhomo pawo m'mamawa. Ngakhale a Chiphaliwali anabwera ndi ndodo yawo, n'kukhala pampando pabwalo kumalamula anthu amene sankawafunsa. Katundu wa a Dalaivala anali wochepadi, monga momwe iwo ananenera. Wailesi anati m'moyo wake wonse uyu ndiye kasitomala woyamba kunena zoona.

Paulendowo a Dalaivala anakhala pampando wa wokwera, pakati pa Chete ndi dalaivala watsopano, amene thukuta linali kamukamu ndi mantha. Phazi lawo linkaponda buleki yosaoneka pa kona iliyonse. "Giya imeneyo ukuipweteka, mwana wanga," ankatero, "ilowetse ngati ukuipempha."

Atatuluka m'tauni, msewu utawongoka, Chete anati, "Bambo, pali mawu amene ndakhala ndikufuna kukuuzani. Ntchito imene ndili nayoyi, pakanapanda inu..."

"Ine ndinatani? Ndinangokhala m'lole."

"Munakhala m'lole pamene abwana ankati inyamuke."

A Dalaivala anayang'ana msewu. "Tsiku lija ndinkaopa kuposa iwe," anatero. "Ndinali ndi ana kusukulu. Koma ndinakuona uli pakhonde paja, foni ili pakhutu, ukukana ndithu. Ndinati kamwana aka kakaima, ine nkhalamba ndikhale pansi? Ndiye usandithokoze kwambiri. Tinagwirana." Anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso, amvekere ndi fumbi la mumsewu.

Kunyumba kwa mwana wawo anatsitsa zonse dzuwa lisanafike pamutu. Mpando wawo wa ndalema anausuntha malo atatu, chifukwa paliponse pamene auika a Dalaivala ankati sakuona bwino msewu. Pomaliza anauika pakona ya khonde, pomwe malole odutsa amaonekera patali. Mwana wawo anabweretsa tiyi ndi buledi, anthu anadya akuseka nkhani za nyumba zimene anasamutsapo. Anyamata atakwera m'lole, Chete anatsalira pang'ono, atakhala pa sitepe pafupi ndi mapazi a nkhalambayo, onse awiri akuyang'ana kumsewu, mpaka Wailesi anatopa kudikira n'kuyamba kuimba hutala.